Mthunzi wa Mgwafa Uli Panjira

Kampani yotumiza katundu ija inali ndi zipinda ziwiri basi. Kutsogolo kunali kauntala, sikelo ndi mashelefu a maphukusi. Kumbuyo kunali kachipinda kosungiramo makatoni opanda kanthu, ndipo m'menemo ndimo anamukhazika Wamakompyuta. Anamupatsa tebulo lopendekeka, mpando wa pulasitiki ndi zenera limodzi lomwe linali m'mwamba kwambiri, moti munthu ukakhala pansi unkangoona mitambo ndi timiyendo ta nkhunda. Wina akanadandaula, koma iye zeneralo analikonda tsiku loyamba lomwe.

Mwini kampaniyo anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene aliyense ankawatcha Achangu chifukwa chilichonse chotuluka pakamwa pawo chinkathera pa mawu akuti changu. Ngakhale pokupatsa tiyi ankati, "Imwa, changu." Mayiwa anali atatopa ndi mafoni. Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka anthu ankaimba kufunsa kuti katundu wawo ali pati, ndipo iwo ankatulukira pakhomo n'kuyang'ana msewu uku ndi uku ngati kuti phukusilo lingawaimikire dzanja. Ndiye anamulemba ntchito mtsikanayu kuti awamangire pulogalamu ya pa intaneti. Phukusi likafika pa kauntala lizilembedwa mu kompyuta, wolandira azitumiziridwa imelo yomuuza, aziona yekha pa tsamba la kampani pamene lafika, wanjinga aziona pa foni yake koyenera kupita, ndipo mwini katundu azisaina ndi chala pa foni yomweyo.

"Zitheka?" anafunsa Achangu.

"Zitheka, mayi."

"Zitheke changu."

Dzina lakuti Wamakompyuta linali la kuntchito. Kwawo ankamutcha Kamwezi, ndipo amene anamupatsa dzinalo anali achemwali ake, namwino wa pachipatala china mumzinda womwewo, chifukwa ali mwana ukamutuma mchere unkamupeza ataima pakati pa bwalo, kambale kali m'manja, maso ali kumwamba. Koma dzinalo linali litatha zaka osamveka. Amayi awo atamwalira, achemwali anagulitsa nyumba imene awiriwa anakuliramo. Denga linkadontha, khoma lakumbuyo linali litang'aluka, ndipo munthu wa mashifiti sakanatha kulera nyumba yokalamba atangomaliza kulera mayi wodwala. Zonsezi Kamwezi ankazidziwa bwino. Koma tsiku limene anadutsako n'kupeza anthu achilendo akugwetsa khitchini, mgwafa wa pakhomo uli chigonere mizu ili m'mwamba, mutu unamuzungulira. Anapita kuchipatala kuja n'kukawauza achemwali ake pamaso pa odwala kuti, "Mwagulitsa amayi."

Achemwali anangomuyang'ana, n'kukonza kolala ya yunifolomu yawo, n'kubwerera mu wodi. Chiyambire tsikulo palibe anaimbirapo mnzake. Mawuwo Kamwezi ankalakalaka atawameza, koma madzi akatayika saoleka. Ankawasowa achemwali ake, kuwasowa kopweteka pachifuwa, ndipo adiresi yawo, nambala yawo ndi imelo yawo ankazidziwa pamtima ngati pemphero. Chimene chinkamusowa ndi mawu oyambira.

Tsono pulogalamu ili ngati mphika watsopano, usanaphikiremo alendo umayamba wathiramo madzi kuona ngati ukudontha. Anthu a ntchito imeneyi amalemba katundu wongopeka, anthu ongopeka, n'kumaziyendetsa m'pulogalamumo kuti aone pamene pakugwa. Ndipo kuti anthu enieni asalandire mauthenga abodza, pamakhala kabatani kotseka khomo la maimelo, kuti imelo iliyonse izingogwera m'kabokosi mkati mwa kompyuta osatuluka kunja. Kamwezi naye anachita chomwecho. Anatseka khomolo, n'kudzaza pulogalamu yake ndi a Bambo Uje ndi a Mayi Uje otumizirana nsapato ndi mabuku.

Tsiku lina masana Achangu analowa m'kachipindamo akupukuta manja.

"Ine zoti imelo ili m'kabokosi sindizimva. Ndikufuna ilire pa foni yangayi, ndiione ndi maso anga."

Kamwezi anatsegula khomo lija, n'kulemba phukusi lopita kwa abwana akewo. Foni inalira. Achangu anakuwa ngati apata mdzukulu, n'kuthamangira kutsogolo kukaonetsa wanjinga wawo, bambo wonenepa amene ankatchedwa Ahelimeti chifukwa chipewa cha njinga yamoto sankachivula ngakhale pomwa tiyi. Kamwezi anatsala yekha akumwetulira. Pazenera pankadutsa mtambo wooneka ngati mtolo wa zovala zochapa, ndipo iye anauperekeza ndi maso mpaka unakalowa kuseri kwa khoma. Atabwerera ku kompyuta anayamba ntchito ina, ndipo khomo la maimelo linatsala chitsegukire.

Masiku amenewo n'kuti a Bambo Uje atamukwana. Munthu ungalembe kangati nsapato zakuda, makilo awiri, osayasamula? Masana ena kukutentha, makatoni akununkha guluu, kutsogolo kukumveka selotepi ikung'ambika, zala zake zinangolemba zokha pa malo a wolandira dzina la achemwali ake, adiresi yawo ndi imelo yawo. Anayang'ana kanthawi. Anadziuza kuti khomo n'lotseka, palibe chotuluka. Pa malo ofotokoza katundu analemba kuti: Mthunzi wa mgwafa wa pakhomo, wa nthawi ya masana tikabwera kusukulu.

Pa malo a kulemera analemba ziro. Pulogalamu inagwa pomwepo, sikirini yonse n'kudzaza zilembo zofiira, chifukwa sanaiphunzitse za katundu wosalemera. Anakonza, ndipo mumtima anati waona, ndi ntchito imeneyi. Chodzikhululukira chinali chitapezeka.

Mawa lake anatumiza kulira kwa mpopi wa kubafa, umene unkayamba waimba ngati munthu wa chimfine usanatulutse madzi. Tsiku lina anatumiza fungo la nsimbi pa yunifolomu ya sukulu Lamlungu madzulo, achemwali akusita, iye atakhala pa thumba la makala kudikira yake. Anatumiza phokoso la mvula m'beseni lobiriwira limene ankatchera pakati pa balaza denga likamadontha. Anatumiza kutsokomola kwa amayi m'mawa asanatsegule wailesi. Ena mwa maphukusiwa anali ndi mawu ataliatali moti anaphwanya tsamba la kampani, ndipo iye anakonzanso, n'kumadziyamikira kuti ndi wakhama.

M'pulogalamumo phukusi linkadutsa makwerero atatu: lalandiridwa, lili panjira, lafika. Maphukusi a Bambo Uje ankawakankha mpaka kumapeto osaganizako kawiri. Koma a achemwali ake ankawafikitsa pa kwerero lachiwiri n'kuchotsa dzanja pa mbewa ya kompyuta. Ngakhale m'masewera momwe, batani lakuti lafika linkamuopsa. Ankangowasiya panjira, n'kutsamira mpando wake, maso pazenera.

Apo ndiye ankapita kutali. Ankawaona Ahelimeti atamangirira mthunzi wa mgwafa kumbuyo kwa njinga ndi mphira, ukukupiza uku ndi uku, ukugwetsa timasamba ta mdima pa phula. Pa maloboti anthu oyenda pansi ankasendera pafupi kuti apumeko dzuwa, mayi wina wobereka mwana n'kutembenuka kuti kamutu ka mwanayo kalowe mumthunzimo. Ankaona mpopi uja ukuimba m'katoni, madalaivala a mabasi akutsitsa mawailesi awo kuti amve kumene nyimboyo ikuchokera. Ankaona fungo la nsimbi likuthawa pa ngodya ya phukusi, anyamata ometa tsitsi m'mbali mwa msewu akuima ndi makina m'manja, aliyense akukumbuka Lamlungu lakwawo. Njinga ya m'malotoyo inkakhota misewu yonse ya mumzinda, kukwera mlatho, kutsika, kuzungulira, koma pa geti la achemwali sinkafika. Inkangotsala pang'ono, nkhunda n'kukupiza mapiko pazenera, iye n'kudzidzimuka.

"Iwe Wamakompyuta, wagona?" Achangu ankatero ali kutsogolo.

"Ndikuyesa pulogalamu, mayi."

"Uziyesa maso ali pa kompyuta, osati padenga."

Tsiku loyamba kugwiritsa ntchito pulogalamuyo linakwana. Dzulo lake Kamwezi anasesa a Bambo Uje onse ndi nsapato zawo. Atafika pa maphukusi a achemwali ake, dzanja linalemera. Anati ndifufuta mawa m'mawa. M'mawa mwake Achangu anabwera atavala diresi ya kutchalitchi, atagula keke, akufuna chilichonse chiyambe iwo asanakhale pansi, ndipo Kamwezi anathamanga uku ndi uku, kulumikiza pulinta, kuphunzitsa Ahelimeti podina, mpaka za kufufuta zinatuluka m'mutu. Pulogalamu inachita zimene anaiphunzitsa. Inatenga phukusi lililonse lomwe linali panjira, n'kulipereka kwa wanjinga, n'kutumizira mwini wake uthenga wakuti katundu wanu afika lero.

Dzuwa litakwera pang'ono, Ahelimeti anaima pa mashelefu akutembenuza makatoni, kuwerenga, kubwezera, kukanda chipewa pamene panayenera kukhala mutu.

"Abwana, mthunzi mwauika pati?"

"Mthunzi wa chiyani?" anafunsa Achangu, keke ili kukamwa.

"Wa mgwafa. Foni ikuti ndinyamule mthunzi, mpopi woimba, beseni la mvula ndi kutsokomola kwa amayi. Ine pa ntchito ino ndanyamulapo mabatire, anapiye, ngakhale mano oikirira a agogo ena, koma chifuwa cha munthu ayi. Chimenecho chimapatsirana."

Kamwezi anamva zonsezi ali kumbuyo. Anatsegula malo amene pulogalamu imasonyeza maimelo otuluka, ndipo anaona kabatani kaja kali chitsegukire. Maimelo onse anali atapita. Yoyamba, ya mthunzi, inapita masana omwe aja. Pambali pa iliyonse panali kachizindikiro kobiriwira kamene iye mwini anakajambula, kosonyeza kuti wolandira watsegula. Onse anali otsegulidwa. Tsamba loonera pamene katundu wafika nalo linkatsegulidwa pafupifupi m'mawa uliwonse, ndi foni imodzi yomweyo. Ndipo uthenga wa lero, wakuti katundu wanu afika lero, unali utatsegulidwa kale.

Anagwira pakamwa. Choyamba kumubwerera sichinali ntchito yake ayi. Anaganiza za achemwali ake akuwerenga zimenezi pa shifiti, pakati pa odwala: mgwafa umene unagwetsedwa, mpopi umene unazulidwa, amayi amene anapita. Munthu amene unamuuza kuti wagulitsa amayi, kenako ukumutumizira zidutswa za nyumba yomweyo tsiku ndi tsiku, angamve chiyani kupatula chipongwe? Zinali ngati kugenda padenga la munthu n'kubisala. Kaulusi kakang'ono kamene kanatsala pakati pawo, kakuti mwina tsiku lina adzalankhulana, iye anali atakadula ndi manja ake omwe, osadziwa n'komwe.

Achangu analowa, Ahelimeti ali pambuyo pawo ndi foni m'manja.

"Tandiuza, ndi chiyani chimenechi? Tsiku loyamba lomwe kampani yanga iyambe kutumiza mithunzi?"

"Anali oyesera, mayi. Ndinaiwala kutseka maimelo. Apita kwa munthu weniweni."

"Mayo ine! Munthu weniweni! Lemba imelo yopepesa, changu. Unene kuti kunali kuyesa chabe, kulibe katundu aliyense, aiwale zonse. Ukatero ufufute zinyalala zakozo."

Kamwezi analemba. Pepani kwambiri. Kunali kuyesa chabe. Kulibe katundu aliyense. Anawerenga mawu omalizawo, n'kuwawerenganso. Anawaona achemwali akuwawerenga, akugwedeza mutu pang'ono monga ankachitira dokotala akanena zimene ankaziyembekezera kale, n'kuika foni m'thumba. Chala chinakana kudina.

"Dina, mwanawe, ukudikira mvula?"

"Ndi achemwali anga, mayi," anatero motsitsa mawu. "Sitilankhulana. Zinthuzi ndi za kunyumba kwathu kumene tinakulira."

Achangu anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni Kamwezi pakampanipo, mawu aja akuti changu sanatuluke. Anatenga foni ya Ahelimeti n'kuyamba kuwerenga okha, milomo ikuyenda. Atafika pa fungo la nsimbi anakhala nthawi.

Ahelimeti anakonza kukhosi. "Ine sindilowerera za m'banja. Koma mayi Wamakompyuta, foni imeneyi munaipanga nokha kuti isanditsekere tsiku ngati pali adiresi imene sindinafike. Munandiphunzitsa m'mawa uno. Ndiye kumeneko ndipitako ndithu, ndili ndi katoni ina ya mbali yomweyo. Funso langa ndi lakuti, ndikakagogoda chimanjamanja, ndikati chiyani?"

Kamwezi anayang'ana pazenera, koma tsikulo panalibe mtambo womuthawitsa, kumwamba kunali mbee. Anaimirira, mpando wa pulasitiki n'kugwa chagada.

"Ndipita nanu, ankolo."

Achangu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga ankayang'anira katoni yokayikitsa. Kenako anapita ku kauntala, n'kubwera ndi kapepala kofiira komata pa katundu wosachedwa kusweka, n'kumumata paphewa ndi mbama yaing'ono.

"Kampani yanga ikati lero, ndi lero. Ahelimeti, muyende bwino ndi katunduyu, mabampu muzichepetsa liwiro. Nyamukani, changu."

Kamwezi anali asanakwerepo njinga ya kampani imene anaiyendetsa kambirimbiri m'mutu mwake. Chipewa chimene anamubwereka chinkanunkha thukuta la anthu ena, ndipo mzinda unkamveka patali ngati ali pansi pa madzi. Anadutsa owotcherera zitsulo, moto wa buluu ukuthetheka, anadutsa sitolo ya matiresi ataimikidwa panja ngati anthu odikira basi, anadutsa ana a sukulu atagwirana malaya powoloka msewu. Pa chiwongolero panali foni ya Ahelimeti, ndipo pa mapu ake kadontho kofiira kankasuntha pang'onopang'ono. Kadonthoko anakajambula yekha m'kachipinda kaja, anataya tsiku lathunthu posankha mtundu wake. Tsopano iye anali mkati mwa kadonthoko, ndipo anadziwa kuti penapake pali foni ina imene ikukaonanso.

Pa maloboti anayang'ana pansi. Panalibe mthunzi wa mgwafa, panali wa njinga basi, ndi wa anthu awiri a mitu ikuluikulu. Mantha anamugwira kwambiri moti anafuna kunena kuti ankolo, tibwerere. Koma magetsi anasintha, njinga inakwera mlatho, inatsika, inakhota, ndipo ulendo uno panalibe nkhunda yomudzutsa. Anaima pa geti la malata, kutsogolo kwa nyumba za lendi zondondozana.

Achemwali anali pakhonde, atakhala pa mpando wa m'nyumba umene anautulutsa dala, foni ili pamiyendo. Sanali mu yunifolomu. Anali atavala magalasi, chinthu chimene Kamwezi sankachidziwa, ndipo pamwamba pa makutu panali imvi. Anaimirira pang'onopang'ono. Kamwezi anavula chipewa, tsitsi lili nyankhalala, kapepala kofiira kali paphewa.

Achemwali sanamuyang'ane. Analankhula ndi Ahelimeti.

"Bambo, ndasinthana shifiti ndi mnzanga chifukwa cha uthenga wanu. Katundu wanga ali kuti?"

Ahelimeti analoza ndi chala chachikulu chakumbuyo kwawo. "Amene ndapatsidwa ndi ameneyu, amayi."

"Ameneyu sindinamuitanitse."

"Ife timangonyamula," anatero Ahelimeti, ndipo anapita kukaunika tayala lakutsogolo limene linalibe vuto lililonse.

Awiriwa anatsala ataima, pakati pawo pali chingwe choyanikira zovala. Kamwezi anali atakonza mawu panjira yonse, koma onse anatsalira m'chipewa.

"Imelo yoyamba itabwera ndinali kuntchito," anayamba achemwali, mawu ali phee ngati akuwerenga za wodwala. "Ndinalowa m'chipinda cha mankhwala n'kulira ndi ukali. Ndinati mwana uyu sanakhutebe, zapakamwa zija sizinamukwanire, tsopano wayamba kundigenda ndi makompyuta. Ndinafuna kubwera ku kampani kwanuko kudzakuchititsa manyazi monga unandichititsira ine."

"Achemwali..."

"Sindinamalize. Kenako kunabwera ya mpopi. Ndinali mu basi. Ndinaseka ndekha mpaka munthu amene ndinakhala naye anasamuka mpando. Ndinali nditauiwala mpopi umene uja. Ine nyumba ija ndimangoikumbukira fungo la mankhwala ndi mabulangete onyowa, zinazo zinandithawa. Ndiye ndinayamba kudikira. M'mawa uliwonse ndimatsegula kuona, lili panjira, lili panjira. Ndinati kampani yanji imeneyi, njinga yake ndi ya nkhono?" Anapumira. "Ndipo beseni lija silinali lobiriwira. Linali labuluu. Lobiriwira linali la kubafa."

Kamwezi akanatha kukhala chete n'kulandira zimene zinali kubwerazo. Koma bodza pamaso pa achemwali silinamuyenderepo chibadwire.

"Sindinkadziwa kuti akufika," anatero. "Ndinkayesa pulogalamu. Ndinaiwala kutseka maimelo. Ndadziwa lero lomwe."

Nkhope ya achemwali inagwa. Anavula magalasi aja, n'kuwapinda, n'kuwagwira ndi manja onse awiri.

"Oho. Kunali kuyesa." Anayang'ana mpando umene anatulutsa pakhonde, ndipo manyazi anaoneka kuwagwira. "Ndiye sunkalembera ine."

"Ndinkalembera inu. Kulibe wina amene akudziwa mpopi umene uja. Kungoti ndinkatha kulemba chifukwa ndinkaganiza kuti simukumva. Ndikanadziwa kuti mukumva ndikanachita mantha, monga ndakhala ndikuchitira zaka zonsezi. Achemwali, simunagulitse amayi. Munawasambitsa nokha, munawadyetsa nokha, ine ndili kusukulu kuyang'ana mitambo. Mawu aja anali oipa. Ndikhululukireni."

Misozi inali itafika kale pachibwano. Achemwali anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana komwe kuja kwa mu wodi, ndipo Kamwezi anadikira kuti atembenuke n'kulowa m'nyumba monga anachitira tsiku lija. Anatembenukadi. Koma sanalowe pakhomo, anazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo atafika pangodya anati osacheuka, "Ukuima pamenepo ngati mtengo wa magetsi bwanji? Bwera."

Kuseriko kunali kampata kakang'ono ka simenti pakati pa khoma ndi mpanda, kokwana ndowa, tsache ndi chitini cha zinyalala. Pakona panali chidebe chachikulu cha penti chodzaza dothi, ndipo m'chidebemo munali kamtengo kofika m'chiuno, ka makungwa osalala osupuka ndi masamba a mitsempha yoonekera. Kamwezi sanafunikire kuuzidwa. Fungo lake lokha linamuuza kuti ndi mgwafa.

"Anthu aja asanaugwetse ndinatola magwafa akupsa pansi," anatero achemwali. "Njere zambiri zinakana, iyi yokha inamera. Eni nyumba salola kubzala pansi, ndiye ukukulira m'chidebe ngati mkaidi. Sunabalepo. Ndimati ndikuuze, koma ndinalibe poyambira." Anamugwira pamkono n'kumukokera pang'ono kumanzere. "Ima apa. Ayi, apa."

Dzuwa linali pamutu. Kamthunzi ka mtengowo kanali kochepa ngati mbale, koma kanakwana kuphimba mapazi ake onse awiri, timasamba ta mdima tikugwedezeka pa nsapato zake za kuntchito. Anaima pamenepo akulira ngati mwana, ndipo achemwali anamusiya alire, dzanja lawo lili pamsana pake, likusisita mozungulira monga ankachitira iye akadwala malungo.

Patapita nthawi kunamveka kutsokomola kwaulemu pangodya. Anali Ahelimeti, chipewa chili kumutu, foni ataitambasula patsogolo.

"Pepani amayi, ndili ndi katoni ya anthu ena. Siginecha basi. Pali batani apa lolandirira onse pamodzi, mungodina kamodzi n'kusaina ndi chala."

Achemwali anavalanso magalasi awo. Anatenga foniyo n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono, kudutsa mpopi, kudutsa nsimbi, kudutsa beseni, kudutsa kutsokomola kwa amayi, mpaka anabwerera pamwamba. Anadina phukusi limodzi lokha, la mthunzi, n'kusaina mosamala ndi siginecha yawo yonse ya kuchipatala. Foni inalira kamodzi, ndipo pambali pa mthunzi wa mgwafa panatuluka mawu akuti lafika.

"Nanga enawa?" anafunsa Ahelimeti.

"Enawo asiyeni panjira. Azibwera nawo yekha, limodzilimodzi."

"Ndiye foni yanga itseka bwanji tsiku?"

"Afunseni amene anaipanga," anatero achemwali. Anamatula kapepala kofiira kaja paphewa la mng'ono wawo, n'kuwerama, n'kukamata pa chidebe cha penti, n'kukasalaza ndi chala. Kenako anadzuka n'kumukonza kolala imene inali itapindika ndi chipewa.

"Wamva, Kamwezi? Lamlungu ubwere ndi mpopi uja."